Homuweki ya masamu izibwereranso ku zakale, osangoti za lero zokha

Ana athu ambiri kuno ku Lusaka sakufeluka masamu chifukwa choti mitu yawo ndi youma ayi. Akufeluka chifukwa timawaphunzitsa chinthu kamodzi, madzulo ake tiwapatse masamu khumi a chinthu chomwecho, mawa lake tasamuka tili pa topiki ina ndipo chija sitidzachikhudzanso mpaka mayeso atafika pakhomo. Ine ndimaphunzitsa masamu pasukulu ina ya boma muno m'tauni, choko ndimagwira tsiku ndi tsiku, ndiye izi sindikuzinena ngati munthu wongomva kwa ena. Homuweki mmene tikuiperekera panopa imangoyesa ngati mwana akukumbukira zimene wamva m'mawa womwewo basi. Za mwezi watha, za temu yatha, za giredi imene anachokako, palibe akumufunsa, ndipo maganizo anga ndi akuti apa ndi pamene tikutayira ana, ku mayeso kuja timangokaona zotsatira zake.

Ngati muli ndi mwana wa Giredi 7 kapena wa kusekondale, madzulo ano tengani buku lake la masamu mutsegule masamba a kumayambiriro kwa chaka. Mupeza tsamba la ma fraction, masamu khumi, onse aticha anachonga ndi bolopeni yofiira, pansi analembapo Good mwinanso Very good. Ndiye tsekani bukulo, mumupatse kapepala mumuuze awonkhetse 2/3 ndi 1/4. Ambiri, ndikunena ambiri ndithu, alemba 3/7. Aphatikiza zapamwamba pazokha, zapansi pazokha, basi wamaliza ndipo akukuyang'anani ndi mtima wonse kuti wakhoza. Yankho ndi 11/12, ndipo mwana yemweyu tsiku lija ankadziwa bwinobwino kuti uyambe wapeza LCM ya 3 ndi 4 yomwe ndi 12, kenako 8/12 kuphatikiza 3/12. Sikuti aticha ananama pochonga muja, mwana anakhozadi tsiku limenelo. Koma anakhoza chifukwa pamwamba pa tsamba panali patalembedwa kale kuti Addition of fractions, chitsanzo cha aticha chinali pomwepo m'maso mwake, iye kwake kunali kungosintha manambala n'kumatsata mapazi. Kuchokera tsiku limenelo palibe anamufunsanso fraction ngakhale imodzi. Kanjira kachidule kaja timadutsa popita kumsika, anthu akasiya kudutsapo mwezi umodzi nthawi ya mvula udzu umatseka moti simungadziwe kuti panali njira, ndipo m'mutu mwa mwana zimachitika chimodzimodzi.

Phunziro lina mwina ukhoza kupulumuka. Mu History ukaiwala topiki imodzi usankha funso lina n'kukhoza bwinobwino. Masamu alibe chifundo chimenecho chifukwa chilichonse chimakhala pamwamba pa chinzake. Ndimaona ana a Giredi 11 pa quadratic formula, formula yonse aloweza, ukawadzutsa pakati pa usiku akuuza kuti b squared minus 4ac, koma b akakhala -4 mwana akulemba -16 m'malo mwa 16, kapena afike pa -3 kuchotsa 5 ayime kaye, wina alembe 2 wina alembe -2 pamene yankho ndi -8. Vuto lake si quadratic, vuto ndi ma negative number amene anaphunzira zaka zitatu zapitazo n'kusiyidwa pomwepo. Pa ma matrix n'chimodzimodzi, determinant ndi kuchulukitsa ndi kuchotsera chabe koma pakangolowa minus zonse zabalalika. Earth geometry imene ana amaiopa kwambiri ija ukaiyang'anitsitsa theka lake ndi fraction, ngodya pamwamba 360 pansi. Ndipo musaiwale kuti Paper 1 ya masamu ya Giredi 12 a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso muno m'Zambia, salola kalikuleta, ndiye amene long division anaisiya ku pulaimale amakakumana nayo m'chipinda cha mayeso thukuta lili kamukamu, aticha palibe, mnzake womuonetsa palibe.

Kuiwala si ulesi komanso si matenda, ndi mmene mutu wa munthu ulili. Kalekale mu 1885 bambo wina wa ku Germany dzina lake Hermann Ebbinghaus analemba zimene anapeza atadziyesa yekha, ankaloweza timawu topanda tanthauzo kenako n'kumaona kuti pakapita ola, tsiku, sabata, mwezi, watsala nato tingati. Anapeza kuti zambiri zimathawa msanga, m'maola ndi masiku oyambirira momwemo, kenako kuiwalako kumachepa liwiro. Koma anapezanso zina ziwiri zimene ife aphunzitsi timayenera kuzigwiritsitsa, kuti chinthu chimene unachiphunzirapo kale ukachibwereza sichikutengera nthawi ngati poyamba paja, komanso kuti kubwereza modumphitsa masiku kumagwira kuposa kubwereza kambirimbiri tsiku limodzi. Izi zadziwika zaka zoposa 100 koma homuweki yathu ikuyendabe ngati mwana akamva kamodzi ndiye kuti zakhazikika mpaka kale.

Palinso kafukufuku wina wa posachedwapa amene anachitika m'makalasi enieni a masamu. Doug Rohrer wa ku University of South Florida ndi anzake anatenga makalasi 54 a Giredi 7 ku Florida, ana 787. Kwa miyezi inayi ana onse ankapatsidwa masamu ofanana, kusiyana kwake kunali kasanjidwe chabe. Makalasi ena ankalemba mmene timachitira ifeyo, tsamba lonse mtundu umodzi wa samu, pamene ena ankalemba zosakaniza, samu iyi ya graph, yotsatira ya inequality, yotsatira ya zina, zobwerabwera kuchokera m'masabata a m'mbuyo. Patapita mwezi anawapatsa mayeso osawachenjeza. Azosakaniza aja anapeza 61%, enawo 38%. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2020. Ndikudziwa Florida si komboni yathu ya Kanyama, makalasi awo si athu, koma taonani chimene chinasintha, sanagule kompyuta, sanamange kalasi yatsopano, sanawonjezere nthawi, anangosintha kuti samu iti ibwere liti. Chimenechi mphunzitsi wa ku Chawama amene ali ndi bolodi ndi choko basi akhoza kuchita Lolemba likubwerali.

Chifukwa chake chimamveka. Masamu khumi a mtundu umodzi akandandalikidwa, mwana amaganiza pa samu yoyamba yokha, mwina yachiwiri, kuyambira yachitatu dzanja likungoyenda lokha. Koma ukamusakanizira, samu iliyonse ayenera kuyamba wadzifunsa kuti kodi iyi ndi yamtundu wanji, ikufuna njira iti, ndi ya Pythagoras kapena ya ratio? Funso limeneli ndi limene limagwetsa ana ku mayeso. Pepala la ECZ silikuuza kuti manje tikulowa mu ma percentage konzeka, limangokuponyera funso, iwe uzindikire wekha. Ife chaka chonse timawachitira ana ntchito yozindikirayo powalembera mutu wa topiki pamwamba, kenako tsiku la mayeso tikufuna aichite okha koyamba m'moyo wawo.

Mu 2018 bungwe la mayiko la OECD linatulutsa zotsatira za mayeso a PISA for Development, oyesa zimene ana a m'mayiko osiyanasiyana akudziwa, amene Zambia inalowa nawo, ndipo mwa ana a zaka 15 amene anali pasukulu, 2 okha pa 100 alionse ndi amene anafika pa mlingo wotsikitsitsa wa masamu umene amayembekezera. Awa si ana ongokhala kunyumba, ndi ana ovala yunifomu, amene anadutsa m'manja mwathu zaka zambiri akulemba homuweki. Zifukwa zake n'zambiri, umphawi ulipo, kuchepa kwa mabuku kulipo, chilankhulo chophunzitsira chiliponso, sindikunena kuti homuweki yokha ikonza zonsezi. Unduna wa maphunziro unaona vuto n'kuyambitsa Catch Up mu 2016, ija yoika ana a Giredi 3 mpaka 5 m'magulu malinga ndi zimene akudziwa osati giredi imene ali, ndipo ndi pulogalamu yabwino, imavomereza poyera kuti mwana akhoza kukhala Giredi 5 koma kuchotsera kwa Giredi 2 sanakugwire. Nanga wa Giredi 10 amene times table ya 7 inamuthawa akumubweza ndani? Kusekondale timangoganiza kuti poti anapasa mayeso ndiye kuti zonse za m'mbuyo ali nazo.

Chimene ine ndikunena n'chaching'ono. Masamu asanu patsiku, masiku anayi pa sabata, osapitirira apo. Awiri akhale a zimene taphunzira lero, imodzi ya sabata yatha, imodzi ya temu yatha, yomaliza ichokere kutali, ku giredi ya m'mbuyo ngakhale ku pulaimale kumene. Tinene kuti lero ndaphunzitsa ma simultaneous equation. Ndilemba awiri amenewo pabolodi, kenako wachitatu ndi kumasula bracket ngati 3(x - 4), wachinayi ndi wa thumba la unga limene linali K200 lakwera ndi 15% manje likugulidwa zingati, wachisanu ndi 456 kugawa ndi 8 popanda kalikuleta. Sindilemba mutu uliwonse pamwamba, ndingolemba 1 mpaka 5. Mwana amene ali bwino amaliza mu mphindi 15, wovutika mwina 25. Mawa lake samu ya percentage ija isabwerenso, ibwere ya area, koma pakatha masiku khumi ibwerenso itavala zina, mwina mtengo watsika m'malo mokwera, kenako pakatha mwezi ibwerenso. Akuluakulu anati pang'ono pang'ono ndi mtolo, ndipo mukawerenga, masamu atatu akale patsiku masiku anayi pa sabata ndi 12, pa masabata khumi ndi 120. Ndi revision iti ya mu October imene ingamupatse mwana masamu 120 akale ali ndi mtima wokhazikika?

Anzanga mu staffroom akamva izi funso loyamba limakhala lakuti achonga ndani, ndipo funsoli ndi loona, sindingalipeputse. Kuyambira January 2022 pamene maphunziro anakhala aulere mpaka Giredi 12 ana anabwerera kusukulu ambirimbiri, chomwe ndi chinthu chabwino kwambiri, ndipo ngakhale boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 chaka chomwecho makalasi athu muno m'makomboni ndi odzaza, ana 80 kapena 90 m'chipinda chimodzi si nkhani yachilendo, ena atatu atatu pa desiki. Mphunzitsi wa makalasi asanu otere ali ndi mabuku 400. Akapereka masamu khumi aliyense ndi masamu 4,000 usiku umodzi, palibe munthu angachonge zimenezo, ndiye chimene chimachitika mabuku amawunjikana pakona, amabwezedwa pakatha sabata ali ndi siginecha chabe, kapena homuweki imangosiyidwa osaperekanso. Koma ndani anati kuchonga ndi ntchito ya aticha okha ali kunyumba kwawo? Mphindi khumi zoyambirira za piriyodi, ana asinthane mabuku ndi woyandikana naye, mayankho asanu ndalemba kale pabolodi, achongerane ndi pensulo. Kenako ndifunse, amene nambala 1 yawavuta kwezani manja, nambala 2, choncho mpaka 5. Imene manja akwera kwambiri ndi yokhayo tiichitire limodzi pabolodi, makamaka aichite mwana mnzawo akufotokoza, mu Chinyanja ngati Chingerezi chikumupinga, bola amve. Ine ndikuyenda pakati pa madesiki ndikusuzumira mabuku khumi lero, ena khumi mawa. Mwana wadziwa pamene analakwa m'mawa womwewo akadakumbukira mmene anaganizira, osati pakatha masiku asanu ndi awiri ataiwala ngakhale funso lake. Ndipo ine ndadziwa kuti theka la kalasi silikudziwa kugawa ndi 8, chinthu chimene mulu wa mabuku pakona sukanandiuza.

Funso lachiwiri ndi la silabasi. Piriyodi ndi mphindi 40, ukachotsa khumi watsala ndi 30, silabasi ithe bwanji pamene ahedi ndi oyendera sukulu akufuna kuona kuti scheme of work ikuyenda? Ine ndimayankha kuti mphindi khumizo tikuzitaya kale, kungoti sitiziwerenga. Nthawi iliyonse ndikayamba topiki yatsopano n'kupeza kuti ana aiwala zimene ikutsamira, ndimaima n'kuyamba kufotokozanso, piriyodi yonse ipite, nthawi zina ziwiri. Kapena ndingotseka maso ndipitirire ndi ana khumi akutsogolo, enawo azingokopera za pabolodi. Silabasi yotere imatha m'faelo ya aticha, m'mitu ya ana sinathe, ndipo amene akalembe mayeso si faelo.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya kunyumba kumene homuwekiyo ikupita. Tikamakamba za homuweki ena amaona mwana wa ku Kabulonga ali pa tebulo lake, nyali ikuyaka, amayi ake ali pambali. Ana anga ambiri amachokera ku Misisi, ku John Laing, ku Kanyama, nyumba ya chipinda chimodzi kapena ziwiri anthu asanu ndi awiri, mtsikana akafika ayambe watunga madzi, akoleze mbaula, aphike nsima, asambike ang'ono ake, mnyamata akakhale pa kantemba mpaka mdima amayi ake atapita kukaoda kumsika wa Soweto. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala malaiti ankapita maola ambiri kuposa amene ankakhalapo, ana ankalemba ndi tochi ya pafoni ngati foniyo ili ndi moto, apo ayi kandulo. Mwana wotere ukamupatsa masamu 20 a chinthu chimene wachimva koyamba lero ndipo sanachimvetse, wamupatsa chilango osati phunziro. Palibe womufunsa, amayi ake mwina sukulu analekeza Giredi 7, atate ake abwera usiku atatopa. Akhala pamenepo ayang'ane samu yoyamba, imukanike, atseke buku, ndipo chimene waphunzira usiku umenewo n'chakuti masamu si ake.

Apa ndi pamene ndimaona kuti homuweki yobwereza zakale ndi yachilungamo kwa mwana wosauka kuposa inayo. Zakale anazionapo kale, chitsanzo chili m'buku lake lomwe akangobwerera masamba angapo, safuna munthu wamkulu womufotokozera kuyambira pachiyambi. Mwa asanu aja akhoza atatu payekha, ndipo mwana amene wakhoza atatu payekha mawa amabwera m'kalasi mutu uli m'mwamba. Komanso masamu asanu amatheka dzuwa lisanalowe, atakhala pa mpando panja nsima isanapse. Ndipo kumene kunyumba sikungatheke n'komwe, palibe lamulo loti homuweki ilembedwe kunyumba. Amene amaphunzira m'mawa atsale mphindi 15 pansi pa mtengo kapena pakhonde asananyamuke, amasana afike msangako alembe asanalowe. Chofunika n'chakuti papite nthawi pakati pa kuphunzira ndi kufunsidwanso, ndipo mwana ayese yekha kukumbukira, malo ake alibe kanthu.

Za kukopera ndikuzidziwa. M'mawa uliwonse kuseri kwa kalasi pamakhala kagulu, buku limodzi pakati ena anayi akulemba mothamanga, ndipo masiku ano ena amangojambula funso ndi foni yankho libwere lokha. Koma tidzifunse chimene amakoperera. Amaopa. Pamene homuweki yosamaliza imabweretsa kugwada panja, kutchetcha udzu kapena kunyozedwa pamaso pa anzake, mwana aliyense wanzeru akopera. Lamulo la maphunziro la 2011 linaletsa kukwapula ana kusukulu, koma kuchititsa manyazi kukadalipo ndipo kumapweteka mofanana. Ine ana anga ndimawauza kuti samu yolakwa siyikupatsa mlandu, tsamba lopanda kanthu ndi limene tikambirane. Ndipo Lachisanu pamakhala kamayeso ka mphindi khumi, masamu asanu otengedwa mu homuweki ya sabata yomweyo nditangosintha manambala, mabuku atatsekedwa. Amene ankakopera amadzionera yekha Lachisanu loyamba lomwelo kuti sizikumuthandiza, sindifunikanso kumulalikira.

Chimene tazolowera m'malo mwa zonsezi ndi revision ya temu yachitatu. September akafika makalasi a mayeso amasanduka fakitale ya ma past paper, Loweruka kusukulu, holide kusukulu, makolo akufunafuna ndalama za ma tuition, mwana akuyesa kumeza za zaka zitatu m'masabata asanu ndi limodzi. Ma past paper ndi abwino, amaonetsa mmene mafunso amabwerera, koma kwa mwana amene ma fraction anamuthawa zaka zinayi zapitazo past paper imangomuuza kuti sadziwa kanthu nthawi itatha kale. Mantha amenewa ndi amene amadyetsa anthu aja ogulitsa mapepala abodza pa WhatsApp ati ndi leakage. Ndipo zotsatira zikatuluka mwana wapasa zina zonse koma masamu wagwa, koleji ya unamwino ikufuna masamu, maphunziro ambiri ku UNZA akufuna masamu, ndiye ayambenso kulipira GCE, mayeso olembanso ali kunja kwa sukulu, chaka chipite, ena kawiri katatu mpaka kutaya mtima. Ndalama zimene banja limatayira pamenepo n'zambiri kuposa mtengo wa mabuku onse amene mwanayo akanalembamo masamu asanu patsiku.

Tinaonanso ndi maso athu chimene chimachitika ana akakhala nthawi osagwira samu. Mu March 2020 sukulu zinatsekedwa chifukwa cha COVID, makalasi a mayeso anabwerera mu June koma ena onse mpaka September. Mu 2024 kolera inachedwetsanso kutsegula, ana amene anayenera kubwerera mu January anabwerera pa 12 February. Mphunzitsi aliyense wa masamu akuuzani mmene ana anabwerera, zinthu zimene ankazichita osaganiza n'komwe zinali zitapita. Holide wamba ya April kapena August imachitanso zomwezo pang'ono. Ndiye sabata yoyamba ya temu isamakhale yongosesa ndi kudikira kuti ana achuluke, masamu asanu aja ayambe tsiku loyamba ndipo onse asanu akhale a temu yatha.

Ndisabise, ana sazikonda poyamba. Amadandaula kuti aticha izi si zimene taphunzira lero, izi tinamaliza kale. M'mabuku mwawo ma 10/10 aja amasowa, mumayamba kuoneka 2/5, 3/5, ndipo kholo limene limangoyang'ana zochonga likhoza kuganiza kuti mwana wabwerera m'mbuyo kapena aticha atsopanowa sakudziwa ntchito. Sanabwerere m'mbuyo, 2/5 ija ndi pamene analidi nthawi yonseyi, kungoti kale sitinkamufunsa. Kuvutika kuja pofuna kukumbukira ndi kumene kumapangitsa kuti chinthu chikhale, chimene chabwera mosavuta chimapitanso mosavuta. Pamafunika ahedi amene angaime ndi mphunzitsi wawo miyezi iwiri yoyambayo n'kuwafotokozera makolo pa msonkhano wa PTA chimene chikuchitika, apo ayi mphunzitsi amatopa n'kubwerera ku masamu khumi ofanana amene amasangalatsa aliyense.

Kwa inu makolo, simufunika kudziwa algebra kuti muthandize. Amayi amene amagulitsa tomato pamsika wa Mtendere amawerenga phindu la bokosi lonse m'mutu, kondakitala wa minibasi amabweza chenji cha anthu khumi ndi asanu osalakwitsa ngakhale kwacha imodzi, chifukwa amazichita tsiku lililonse, ndiye musamanene pamaso pa mwana kuti masamu m'banja mwathu mulibe, mawu amenewo amawagwira n'kuwasunga. Pamene mukusaina homuweki, tsegulani buku chakumbuyo, mulozeni samu iliyonse ya miyezi iwiri yapitayo imene aticha anachonga kuti ndi yolondola, phimbani yankho ndi chala, muuzeni aichitenso pa kapepala. Yankho lili pansi pa chala chanu, simufunika kudziwa njira yake. Mukamutuma pa kantemba ndi K50 kukagula zinthu zitatu, asananyamuke akuuzeni chenji chimene abwere nacho. Ndipo mukakumana ndi aticha ake afunseni mwaulemu ngati homuweki imakhala ndi za m'mbuyo, ambiri akondwa kuti kholo lafunsa za phunziro osati za mayeso okha.

Silabasi yatsopano imene inayamba kulowa mu 2025, ija yabweretsa ma Form m'malo mwa ma Giredi kusekondale, ikukamba kwambiri zoti mwana azitha kuchita zinthu osati kungoloweza. Ndikugwirizana nazo, koma mwana sangathe kugwiritsa ntchito percentage pa nkhani ya ngongole kapena ya bizinesi ngati percentage yakeyo inatuluka m'mutu temu yatha. Ndipo ntchito yokonza mafunsowa isagwere mphunzitsi mmodzi yekha usiku. Dipatimenti ya masamu pasukulu ikhale pansi masana amodzi temu isanayambe, aliyense abweretse masamu 30 a giredi imene amaidziwa bwino pamodzi ndi mayankho ake, alembedwe m'buku limodzi lalikulu likhale mu staffroom, aliyense azitapamo. A kusekondale apemphe buku la Giredi 6 ndi 7 kwa anzawo a ku pulaimale ya pafupi aone zimene ana anaphunzira ndi mmene anaziphunzirira, chifukwa ambiri a ife sitinalitsegulepo.

Samu yachisanu ija, yochokera ku pulaimale, imakuonetsanso china pakatha masabata atatu. Pamakhala ana ena amene manja awo amakwera tsiku lililonse pa nambala 5, ndipo awa si oiwala, ndi amene sanachigwirepo chiyambire, anangokwezedwa giredi ndi giredi ali chete kumbuyo kwa kalasi. Awa homuweki siwakwanira. Mayina awo alembedwe, akhale ndi aticha kawiri pa sabata ataweruka, gulu laling'ono, ayambire pamene ali ngakhale ndi pa times table ya 6, popanda wowaseka. M'kalasi ya ana 80 mukhoza kuwapeza khumi kapena kuposa, ndipo ndi bwino kuwadziwa mu February kusiyana n'kudzawadziwira pa pepala la zotsatira.